Khirisimasi ya Ratidzo

Bambo Alufandika anali pamwamba pa mpando, msomali uli kukamwa, pamene baluni ina inaphulika. Dzuwa likakwiya, denga la nyumba za ku Tafara, mu Harare, lilibe chisoni.

"Sekuru, yafanso!" anakuwa Ratidzo, akuseka mpaka kugwa pansi.

Ratidzo, amene ankati Sekuru potchula agogo m'Chishona, anali mdzukulu wawo wa zaka zisanu, mwana wa malemu Lidia. Lidiayo anali mwana wawo mmodzi yekha. Kamtsikanaka anakalera okha kuyambira kali kakhanda, mwamuna wa imvi kuphunzira kubereka mwana kumbuyo anthu a mu laini akuseka.

Tinene zoona, pa zokongoletsa nyumba mkuluyu analibe dzanja. Kamtengo ka pulasitiki kamene azungu a ku Highlands anawapatsa popuma ntchito yophika kanali kothothoka ngati nkhuku ya chitopa. Anakaimika m'chitini cha penti, n'kukamata thonje m'nthambi. Nyenyezi anaidula pa katoni ya sopo, ndipo inatuluka ndi mwendo umodzi wautali. Maliboni anapachikika mokhota. Koma Ratidzo ankangozungulira pabalaza manja ali m'mwamba, akuti nyumba yawo yaposa mashopu a m'tauni.

Iwo ankamwetulira mtima ukuwawa, chifukwa mwanayu anali wopita.

Ku Dedza, kumene makolo awo anachokera, mwana ndi wa kwa mayi ake. Bambo Alufandika anabadwira mu Harare momwemu, ku Dedza sanapondeko, koma mwambo umenewu anaugwira ngati vesi la m'Baibulo. N'chifukwa chake Takudzwa, bambo ake a mwanayu, atasowa maliro a Lidia atangotha, iwo sanataye tulo. Chimene anaiwala n'chakuti lobola ya Lidia anailandira okha, ndi manja awiri, pa mwambo wa Chishona. Sofa ya pabalazapo inachokera pomwepo.

Walira mvula walira matope. Patatha zaka zisanu, Takudzwa anatulukira ndi akuluakulu a kwawo, anthu aulemu, akuwomba m'manja, atakoka mbuzi yothokozera kulera. Anati mwana ndi magazi awo, akakulira kwawo ku Mutoko. Mkuluyu anasowa pogwira. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti ayambe wadya naye Khirisimasi, poti anali atamulonjeza diresi latsopano ndi mtengo woyaka nyali.

Tsono lero diresi linali pathupi, lachikasu, lalikulu pang'ono kuti akule nalo. Nkhuku ndi mpunga zinali pamoto. Magetsi nawo, amene amabwera akafuna, anachita manyazi n'kubwera. Tinyali tinayamba kuphethira, kupatula tiwiri takumunsi.

"Sekuru, chaka chamawa tidzagule mtengo waukulu, handiti?"

"Waukulu kufika kudenga, amayi," anayankha, akuyang'ana kumbali. Ankamutchula choncho chifukwa anatenga nkhope ya malemu amayi awo.

Anamukweza paphewa kuti aike yekha nyenyezi ija. Msana unadandaula, koma sanafulumire kumutsitsa. Anamuyendetsa pabalaza ponse, akuimba nyimbo ya kubadwa kwa Ambuye ndi mawu osasa, mwana akuwamenya ng'oma padazi.

Chitseko chinagogodedwa. Anali Mayi Lucinda a nyumba yoyandikana, ochokera ku Tete, atabwera kudzabwereka sefa. Anaima pakhomo kukamwa kuli yasa.

"Merry Christmas, Gogo!" anafuula Ratidzo, n'kuthamangira kuchipinda kukatenga nsapato zake zatsopano.

Mayi Lucinda anayang'ana maliboni, anayang'ana mtengo, kenako anayang'ana mkuluyo.

"Bambo Alufandika, mutu uli bwino? Khirisimasi mu Okutobala, mvula isanagwe n'komwe?"

Mkuluyo anatsitsa mawu, misozi ikutsikira m'ndevu.

"A kwa Takudzwa anandikanira zodikira Disembala, mayi. Galimoto ikubwera mawa kudzamutenga. Chonde, musamuuze mwanayu kuti lero si tsiku lake."