Mbedza za M'chipinda Chojambulira

Panali munthu wina ku Chinyunyu, kuno ku Rufunsa, dzina lake Phinias. Amene anandiuza nkhaniyi ndi wa m'mudzi momwemo, ndipo ine chiimvere mtima wanga sunakhale pansi.

Phinias anagwirapo ntchito pa loji ina ya alendo ku Luangwa. Kumeneko anaphunzira kumanga nyambo za nthenga. Ankatenga mbedza n'kuikulunga ndi ulusi ndi nthenga za nkhanga kapena za tambala, mpaka izioneka ngati kachilombo kouluka, kuti nsomba inamizike. Luso analidi nalo, pamenepo tisaname. Atabwerera kumudzi anayamba kugulitsa nyambozo kwa anthu a ku Lusaka potumiza zithunzi pa foni.

Ogula ankadandaula kuti zithunzizo sizioneka bwino. Ndiye mkuluyu anasandutsa chipinda chimodzi kukhala chojambulira. Anatseka zenera ndi bulangete kuti dzuwa lisalowe. Anaika mababu awiri a sola, lina uku lina uku, n'kuwatchinga ndi pepala loyera kuti kuwala kufewe. Kumbuyo anapachika nsalu yakuda. Nyambozo ankazimangirira kudenga ndi twaini wopyapyala uja wosaoneka, kuti pachithunzi zizikhala ngati zikuuluka zokha. Zinkalendewera m'munsi, kulingana ndi foni imene ankaiimika pampando. Chipindacho chinalibe chitseko, panali katani basi.

Pakhomopo panali mwana mmodzi yekha, Mwaka, mtsikana woti anali asanayambe n'komwe sukulu. Mayi ake, Catherine, ataona mbedzazo anamuchenjeza Phinias.

"Atate ake Mwaka, mukatsiriza kujambula muzichotsa izi. Zili pa msinkhu wa maso a mwana ndendende, ndipo mwana wake mumudziwa, sakhala pansi."

"Amake Mwaka, inu simudziwa chabe," anatero Phinias. "Kuti kuwala kugwe bwino pa nthenga ndimataya m'mawa wonse. Ndichotse lero, mawa ndiyambirenso? Muuzeni mwana asamalowe."

"Mwana mumuuza lero, mawa waiwala. Ikani chitseko basi."

"Ndidzaika."

Ndidzaika ameneyo anadya naye Khirisimasi, anafika naye mpaka nthawi yokolola. Neba wawo, ba Laban, anachita kubweretsa chitseko chakale pamutu n'kuti, "Tengani ichi, kwathu chingokhala." Phinias anathokoza bwinobwino, n'kuchitsamiritsa kuseri kwa nyumba. Chiswe ndicho chinapindula.

Tsiku lina masana anajambula nyambo zatsopano, zikuluzikulu, zogwirira nsomba za mcheni. Mbedza zotere zimakhala ndi kamnga koloza kumbuyo, zikalowa m'mnofu sizituluka. Wogula anali pachangu, ndipo netiweki yotumizira zithunzi pamudzipo imagwira kumsewu wa tala kokha. Phinias anazimitsa mababu kuti batire lisathe, n'kuthamangira kumsewu. Batire analikumbukira. Mbedza anazisiya zili lende mumdima.

Catherine anali kuseri, kuchapa. Mwaka ankathamangitsa kamwanapiye pabwalo. Kamwanapiye kanalowa m'nyumba n'kudutsa pansi pa katani, mwana nayenso pambuyo, liwiro lonse. Wochokera padzuwa akalowa mumdima saona kanthu.

Kulira kwake anakumva ndi amene anali kuchigayo. Catherine anamupeza mwana ataima, manja ali kumaso, twaini atakungika kuchokera kudenga kufika padiso lakumanzere. Mwanayo anali atadzikoka kale kumbuyo pofuna kuthawa.

Ba Laban anafika n'kugwira dzanja la mayiyo. "Osazula, amake Mwaka. Dulani twaini chabe." Ba Laban omwewo anadula ndi mpeni, n'kumunyamula mwana, nthenga zofiira zili pamaso.

Catherine anaimbira mwamuna wake. Phinias anadula foni, kuopa kuti zithunzi zingaime panjira. Anaimbanso, anadulanso. Anadzadziwa ataona ba Laban akubwera kumsewu komweko, mwana ali m'manja, Catherine pambuyo wopanda nsapato.

"Chachitika n'chiyani?"

 Catherine anangomuyang'ana, n'kuimitsa minibasi.

Kuchipatala ku Mpanshya anayesetsa, n'kuwatumiza ku Lusaka. Kumeneko mbedza anaichotsa, koma dokotala anawaitanira pambali. "Moyo wa mwana uli bwino. Diso ili ndiye sitinathe kulipulumutsa."

Phinias anakhala pansi pomwepo pa simenti n'kulira ngati mwana. Foni inkangolira m'thumba, wogula uja akuyamikira kuti zithunzi zatuluka bwino kwambiri. Ine pamenepa ndimapsa mtima, ndikapsa mtima ndimamumveranso chisoni, chifukwa mwana wakeyo ankamukonda zedi.

Atabwerera kumudzi, anazula zonse za m'chipinda muja n'kukazitaya m'chimbudzi, mababu, nthenga, twaini, zonse. Mkazi wake sanamutukwane ngakhale kamodzi. Phinias akuti bola akanamutukwana.

Tsiku limene anamasula bandeji, Mwaka anatembenuzira mutu uku ndi uku, kufunafuna. Kenako anakwera pamiyendo ya atate ake, n'kuloza kumanzere kwa nkhope yake.

"Atate, mbali iyi muyatsa liti?"



Phunziro: Chinthu chakuthwa chimene iwe wachizolowera, mwana sachidziwa. Ngati ntchito yako umagwirira m'nyumba, ukatsiriza chotsa mbedza, singano, malezala ndi mankhwala, tseka pakhomo, ndiye uzipita. Akakuchenjeza a m'nyumba mwako, konza lero lomwe, "ndidzachita" sateteza munthu. Amati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma nthawi zina nkhwangwayo imagwera mwana wosalakwa. Nkhaniyi tumizirani makolo onse amene ali mu foni mwanu, makamaka uja amene mukudziwa kuti ali ndi chitseko chimene sanaike.