Timiyala ta Malemu

Mayi wamasiyeyo ananyamula kabotolo kotsekedwa mu ofesi ya malemu mwamuna wake. M'katimo munali timiyala takuda, tangati zitosi za mbewa.

"Gwirani bwino, alamu," anachonderera wasayansi mnzake wa malemuyo. "Ndi mankhwala a fosifolasi olumikizana ndi jemeniyamu. Tikangokhudzana ndi mpweya, taonongeka."

"Timachiza matenda anji?"

"Ntchito yake sitinaidziwebe."

Mayiyo anatsonya. Kani ndi tinyansi timeneti tomwe bamboyo ankathamangira, kumusiya iye m'chikuta, mwana akulira! Iye ankagona yekha m'mphepo, ito tikufunditsidwa thonje m'kabati.

Anagwira kabotoloko ndi zala ziwiri n'kukagwetsera m'manja mwa wasayansiyo.

"Mtengeni mkazi mnzangayu, alamu. Nayenso wafedwa."