Mkamwini Amene Anakhotetsa Kamera

Panali munthu wina m'tauni ya Asenovgrad, dzina lake Plamen, amene ankasirira munda wa mphesa wa apongozi ake, a Tsvetan. Mkuluyo anafa ziwalo, kulankhula kunatha, anangotsala ndi maso. Ankalankhulira pa kompyuta. Kakamera kankaona pomwe maso awo ayang'ana pa sikirini, makinawo n'kutchula mawuwo mokweza.

Plamen anaitana loya kuti mkuluyo adzavomereze kugulitsa munda. Mkazi wake Rumyana anamuchenjeza.

"Bambo anakana kale. Asiyeni."

"Munthu wongophethira angandichite chiyani?" anatero Plamen.

M'mawa loya asanafike, anakhotetsa kakamerako pang'ono. Pa sikirini "Inde" anali kumanzere, "Ayi" kumanja. Tsopano maso akayang'ana kumanja, makina ankawaona ngati ali kumanzere. Nkhanza yotereyi, kubera munthu pakamwa iye akuona, ine imandinyansa.

Loya anafunsa: "A Tsvetan, mukuvomera kugulitsa munda?"

Mkuluyo anayang'ana "Ayi".

"Inde," anatero makina.

"Mwamva nokha, bwana," Plamen anatero akumwetulira. "Madala atopa nazo mphesa."

Misozi inalengeza m'maso mwa a Tsvetan, koma sanatsinzine. Mkuluyu anali mlenje, ndipo mfuti yake inkaponyera kumbali moyo wake wonse, choncho anazolowera kuilozetsa pambali kuti alase nyama. Anasuntha maso kupitirira sikirini, n'kuyang'ana khoma la kumanja.

"Ayi," anatero makina. "Ayi. Ayi."

"Zawonongeka izi, ndizimitse," anatero Plamen.

Rumyana anaima kutsogolo kwa kompyuta. "Mukazikhudza, muona. Bambo, lembani."

Anawatsegulira tsamba la zilembo pa sikirini. Mkuluyo anayamba kulemba, chilembo chilichonse akuchiyang'anira kumbali, thukuta lili kamukamu. Zinatenga nthawi, koma palibe anakhala pansi. Kenako makina analankhula ndi mawu awo aulemu aja:

"Wakhotetsa kamera ndi Plamen. Munda sindigulitsa. Ndafa miyendo, sindinafe mutu. Plamen, tuluka m'nyumba mwanga."

Loya anatseka chikwama chake. Plamen anatembenukira kwa mkazi wake kuti amuikire kumbuyo, koma Rumyana anali atamutsegulira kale chitseko.

Phunziro: Munthu wosalankhula si munthu wosaganiza. Musamayankhire odwala zimene sananene, ndipo musamaseweretse zipangizo zimene amalankhulira, chifukwa ndi pakamwa pawo. Tumizirani ena uthengawu, makamaka aja ayamba kale kuyeza minda ya makolo eni ake adakali moyo.