A Galamala ndi Mauthenga a Mwana Wawo

Panali munthu wina, mphunzitsi wa Chingerezi wopuma pantchito, amene anthu ankangowatchula kuti a Galamala. Chizungu cha masiku ano chinkawanyansa koopsa. Woulutsa mawu akapotoza chiganizo, ankathimitsa wailesi. Golosale ikakhala ndi chikwangwani cholakwika, sankagulapo ngakhale sopo. Koma amene anaona zakuda ndi mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo.

Mtsikanayu ankalemba pafoni monga alembera anzake: mawu odukaduka, ena ongopeka, zilembo zosakaniza ndi manambala. Bambo ake anaika lamulo. Uthenga wotero ankauchonga ngati mayeso n'kuubweza, ndipo sankayankha mpaka mwanayo ataulembanso bwino.

"Abambo, ameneyu ndi mwana wanu, si kalasi," ankatero akazi awo.

"Chilankhulo chikuwola, mayi. Koma sichiwolera m'nyumba mwanga muno."

Ndiye kunabwera mnyamata wofuna banja. Eee, Chizungu chake! Chosalala, cha m'mabuku akale, osapunthwa ngakhale pamodzi. Kwawo sankakutchula bwinobwino, ntchito yake ati ndi bizinesi basi. Mayi aja anati, "Tiyambe tafufuza, munthuyu mtima wanga ukumukana." A Galamala anangoseka. "Munthu wolankhula chonchi analeredwa bwino." Ukwati unachitika, mkamwini n'kutenga mkazi wake kupita naye kumzinda wakutali.

Poyamba mtsikanayu ankaimba foni. Kenako anayamba kulankhula monong'ona. Kenako kuimba kunatheratu, kunangotsala mauthenga.

Tsiku lina masana kunalowa uthenga wophwanyika kuposa onse, ngati wolembayo akuthamangitsidwa. Munali za chitseko, za makiyi, ndi mawu akuti adadi bwerani. Koma maso a mkuluyu anathamangira pa zolakwika. Anachonga zonse n'kuyankha kuti, "Ulembenso bwino, ndiye tikambirana." Akazi awo sanawauze n'komwe.

Mawa lake yankho linafika. Abale inu, Chizungu chopanda banga! Ati ali bwino, banja likukoma, dzulo anangotopa. A Galamala anasangalala mpaka kukawerengera anzawo kumsika. Mauthenga otsatira onse anali otero.

Atawamasulirira akazi awo, mayiwo anakana.

"Ameneyo si mwana wanga."

"Nambala ndi yake. Waphunzira tsopano, inu simukondwa?"

"Mwana wanga akalemba ndimamumva, ndi kuseka kwake komwe. Uyu ndani? Muimbireni."

Anaimba. Foni inalira mpaka kuduka. Posakhalitsa uthenga: ati pakhosi pakumupweteka, aimba akachira. Anayesanso sabata yotsatira, chimodzimodzi. Mayi aja anasiya kudya. Tsiku lina anangotulukira atanyamula chikwama. "Ine ndikupita. Kaya mutsala ndi Chizungu chanucho, zanu izo." A Galamala anawatsatira akung'ung'udza njira yonse.

Anapeza nyumba ili zii, makatani otseka, mawindo azitsulo. Chitseko chinali chothyoka, loko akulendewera kunja. Mayi wina woyandikana nawo anasiya kuchapa n'kubwera akupukuta manja.

"Ndinu makolo ake? Mwachedweranji chonchi?"

Anafotokoza kuti mwamunayo ankatsekera mkazi wake m'nyumba akamachoka, ndipo akabwera kunkamveka kulira. Kulirako kutasiya kumveka, anthu anachita mantha, anathyola chitseko n'kumupeza ali gone pansi. Anathamangira naye kuchipatala. Mwamunayo anasowa, foni ya mkazi wake anatenga.

"Ife tinkafuna kuitana apolisi kalekale," anatero mayiyo, "koma iye anatiletsa pawindo apa. Ankati, 'Musavutike, ndawalembera adadi, akubwera.'"

Mayi a mtsikanayo anatembenukira amuna awo pang'onopang'ono. "Anakulemberani?"

A Galamala anangofunsa njira ya kuchipatala.

Kuchipatala anamupeza atagona, nkhope yotupa, osadziwa kanthu. Namwino anati kuyambira tsiku limene anabwera sanatsegule maso. Mayi ake anagwada pambali pa bedi, kumugwira dzanja, kumuitana dzina la paubwana. Bambo ake anangoima kumapazi.

Pomwepo foni inalira m'thumba mwawo. Uthenga, wochokera pa nambala ya mwana wawo. Ati wachira tsopano, akuwasowa kwambiri, ndipo asavutike kubwera. Munalibe cholakwika ngakhale chimodzi.

Mtsikanayo anamwalira m'mawa mwake.

Phunziro: Mwana wanu akakulankhulani, imvani kaye chimene akunena, kalankhulidwe mudzakonza tsiku lina. Chizungu chimasintha, ndipo chosalala si umboni wa mtima wabwino. Musangowerenga n'kudutsa, tumizirani makolo ena, mwina alipo amene uthenga wa mwana wake ukudikira yankho panopa.