Mtsikana Amene Ankamutcha Mwala

Panali munthu wina, mayi wosoka zovala, amene ankalera mwana wa malemu mkulu wake, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu. Mtsikanayu anali atachotsedwa sukulu kawiri chifukwa cha ndewu. Ukamufunsa chavuta n'chiyani, ankangoti, "Kaya. Pachifuwa pakungotentha."

Pamaliro a mayi ake sanalire, ndiye kunyumba ankamutcha Mwala. Komatu m'mawa uliwonse Mwalayo ankatola mapini pansi mushopu kuti asabaye munthu, n'kulowetsa ulusi m'singano, poti maso a mayi ake aang'onowo anali atayamba kufooka. Palibe ankaziona.

Mayi wosita pa shopupo anachenjeza: "Asisi, mwanayu sadziwa kuti chikumudyacho ndi chisoni kapena mkwiyo. Khalani naye pansi."

"Ndikhale pansi ndi mwala? Aphwanyenso kanthu, aona."

Lolemba kasitomala wina anamuseka mtsikanayo kuti wazizira ngati mtembo. Mtsikanayo anatola mpando n'kuphwanya galasi loyesera zovala. Telalayo sanamumenye. Anakatenga diresi la malemu, limene mtsikanayo ankasunga pansi pa pilo, n'kuliduladula kukhala sanza zopukutira mafuta a makina.

Mtsikanayo anaona maluwa a diresilo ali bii ndi mafuta. Anangotembenuka n'kuchokapo.

"Mwaonatu? Mwala weniweni," anatero telalayo.

Lachisanu, pobwera kokagula mabatani, telalayo anapeza diresi laukwati la mwana wake womubereka yekha, limene analisoka miyezi iwiri, lili tizidutswatizidutswa. Tonse tinali tofanana kukula ndi sanza zija, tosanjikizidwa bwinobwino pamakina.

"Iwe! Chifukwa chiyani?"

"Kaya, mayi. Koma ndimati ndikadula pasiya kutentha. Sipanasiye."

"Tuluka! Ndisadzakuonenso!"

Anatuluka, atanyamula kasanza kamodzi kamafuta.

M'mawa mwake telalayo anaponda pini. Potsegula dirowa kuti apeze kansalu komangira chala, anapeza singano zisanu ndi ziwiri, iliyonse ndi ulusi wake, zobayidwa pamzere. Anakhala pansi pomwepo.

Ukwati unachitika ndi diresi lobwereka. Mtsikana uja akumufunabe mpaka lero. Singanozo yatsala imodzi, ndipo akuti mayiyo safuna kuisokera.

Phunziro: Mwana wosalira si mwala ayi, ena sadziwa n'komwe chimene chikuwapweteka. Ukamubwezera, wamuphunzitsa kubwezera. Mufunseni modekha, lero ndi mawa, ngakhale azingoti "kaya". Tumizirani kholo lina uthengawu lisanatole sizasi.