Kompyuta Inapita ku Balaka, Sikelo Inatsala ku Hout Bay

Panali munthu wina dzina lake Gregory, kwawo ku Balaka koma ankakhala ku Kraaifontein. Nkhaniyi ndi yoona, amene anandiuza analumbira atagwira foni yake.

Gregory ankakonza makompyuta pa kampani ina yolongedza nsomba ku Hout Bay. Pamenepo panali kompyuta yakale yokhosomola, koma ndiyo inali ndi pulogalamu yowerenga sikelo ndi kusindikiza malebulo a makatoni. Abwana atagula yatsopano anati, "Usamutsire pulogalamu ija umu. Ikagwira, yakaleyo utenge. Ikakanika, geti ukulidziwa."

Tsono pulogalamu siikhala m'malere. Imafuna sisitemu, ija imadzutsa kompyuta n'kunyamula zonse ngati maziko a nyumba. Gregory anafunsa pagulu la WhatsApp kuti asankhe iti. Wina anati iyi, wina anati iyo, wina anatumiza vesi. Mutu unazungulira.

Alamu ake a Oliver, a ntchito yomweyi, anamuuza kuti, "Alamu, musafunse gulu, funsani sikelo. Sankhani sisitemu imene imamvana nayo kale, yodziwika kwa anthu oti mukakakamira akuthandizeni. Ndipo yakaleyo isachoke mpaka ziwirizo zitatchula kulemera kofanana."

"Ndamva, alamu," anatero Gregory, koma anamvera khutu logonera.

M'mawa mwake m'sitima anakhala pafupi ndi bambo wina wa jekete yachikopa, wa Chichewa chosalala. Atamva vuto lake, bamboyo anatulutsa fulashi, kaja kosungiramo za pakompyuta.

"Achimwene, sisitemu ndi iyi. Tinaipanga ine ndi msuweni wanga. Imayaka musanaiyatse. Ndi imene amaulutsira zombo zopita kumwezi."

"Nanga sikelo imamvana nayo?"

"Mwezi ndi sikelo, chachikulu n'chiti?"

Gregory anasowa choyankha, ndipo anaganiza kuti kusowa choyankha ndiko kumvetsa. Anatenga fulashiyo ndi nambala ya bamboyo, anaika sisitemuyo pa kompyuta yatsopano ija, n'kulemberanso pulogalamu yonse pamwamba pake. Pagalasi panaoneka mitundu yokongola. Sabata imeneyo mphepo inaletsa maboti kupita panyanja, ndiye pasikelo sanaikepo nsomba, ngakhale mwala.

Inalinso sabata imene thiraki ya a Ramazani, onyamula katundu wa Amalawi, inkanyamuka. Mukudziwa nonse kuti thiraki siidikira munthu. Gregory anakulunga kompyuta yakale ija m'bulangete, analembapo dzina la amayi ake, ulendo wa ku Balaka.

Mphepo italeka, nsomba zinabwera zambiri. Anaika imodzi pasikelo, lebulo inatuluka ndi kulemera kwa ng'ombe. Anaika katoni yodzaza, sikelo inati palibe kanthu. Abwana anakwerapo okha, lebulo inati, "Nsomba yaing'ono, idyedwe lero."

"Gregory, ichi n'chiyani?"

"Mwina ikuyeza za kumwezi, bwana."

Anaimba nambala ya bambo wa jekete uja. Anayankha mayi wogulitsa nkhuku ku Khayelitsha, n'kumutukwana m'Chixhosa. Gregory anaitana a Oliver. Iwo anayang'ana, n'kukanda mutu.

"Sisitemu iyi sindiidziwa, nayonso sikundidziwa. Palibe vuto, bweretsani yakale ija tiyambirenso."

Gregory anayang'ana kudenga.

"Alamu, yakale ija ili kuti?"

"Inadutsa pa Mwanza."

Gregory anaimba kumudzi. Amayi ake anayankha mokondwa. "Mwana wanga, Mulungu akudalitse, yafika bwino. Mng'ono wako wafufutamo za nsomba zija, waikamo mafilimu. Mudzi wonse uli pano."

Nthawi imeneyo nsomba zinali zitayamba kulankhula ndi mphuno. Abwana sananene zambiri, anangoloza geti. Lero Gregory amadula kapinga m'nyumba za kuphiri ku Hout Bay komweko, ndipo akadutsa pamene pali sikelo amayamba ndiye kupereka moni.

Phunziro: Posankha maziko, funsa chimene chidzakhalepo, osati munthu wa m'sitima. Ndipo chakale usachikweze thiraki chatsopano chisanayeze nsomba ngakhale imodzi. Tumizirani abale anu onse, makamaka amene alongedza kale katundu wa sabata ino.