Nyimbo za Yeremiya zinapita ndi foni ya mkulu wake

Panali munthu wina ku Bembeke, dzina lake Rafaelo. Nkhaniyi ndi yoona, wandiuza ndi munthu amene analipo. Mng'ono wa Rafaeloyo, Yeremiya, anali woimba gitala, nyimbo zake zosakaniza ndi ngoma. Yeremiya atamwalira, Rafaelo anatsegula gulu la pa WhatsApp la anthu okonda nyimbo za malemuyo. Analowa ambiri, a ku Mayani, a ku Mphunzi, ena mpaka a ku Joni. Adimini anali iyeyo, ndipo ankayenda ngati phiri la Dedza anaumba ndi iye.

M'foni mwake munali nyimbo zimene Yeremiya ankaimba yekha pakhonde asanadwale. Anazijambula ndi Rafaeloyo, ndipo kwina kulikonse kunalibe. Ina mwa izo inali yotchula amayi awo, aNangozo. Koma pagulu sankatumiza nyimbo yathunthu ayi. Ankangodula kachidutswa, anthu akati "akuluakulu tiwonjezereni," iye mtima m'malo.

Vuto linali lakuti pagulupo zinthu sizinkakhalitsa. Munthu akasintha foni, nyimbo zapita. Wolowa kumene sankapeza zakale. Ndiye Susan, mkazi wa malemuyo, anati, "Tiyeni tisamukire pa Telegram. Kumeneko nyimbo ikaikidwa imakhala, ngakhale foni yako igwere m'chitsime."

Anthu anavomera. Susan anatsegula malo atsopanowo, nasanja nyimbo, za ukwati pazokha, za maliro pazokha. Ankakwera pachulu kusaka netiweki, kuitana anthu mmodzimmodzi. Posakhalitsa anthu anayamba kumutcha "Mayi wa gulu."

Dzina limenelo ndilo linamudwalitsa Rafaelo.

Tsiku lina Susan anamupeza kumunda wa kachewere.

"Alamu, zatsala zanu zokha. Tumizani zija za pakhonde tisanatseke gulu lakale. Tikufuna zidzamveke tsiku lovundukula chiliza."

"Nditumize kwa ndani? Kwa inu? Kuti muzitchedwa mayi wa gulu ndi thukuta langa? Musaiwale kuti pano munabwera ndi ng'ombe zathu."

Ng'ombe za malowolo ankanenazo iye sanaperekepo ndi mchira womwe, zinali za amalume awo. Ndipo Susan yemweyo ndi amene anamusungira ana pamene mkazi wake anagonekedwa kuchipatala. Mbewu ya kachewere anaimapoyo anakatapanso kwa Susan. Zikomo yake mpaka lero sinafike.

Madzulo mkazi wake Magadalena anamulankhula. "Bambo a Pilira, tumizani nyimbozo. Dzina lanu lilembedwapo kuti munajambula ndinu. Foni ndi kanthu kosachedwa kutayika."

"Khala chete iwe. Mumadyera limodzi."

Pa tsiku la msika ku Mayani, Rafaelo anapeza munthu wachilendo atakhala pansi pa ambulera ndi laputopu, akuika nyimbo m'mafoni a anthu. Anati dzina lake ndi Macdonald. Rafaelo anamukhuthulira zonse.

"Aaa, bwana, mukulimbana ndi Telegram ya azimayi? Ine ndikupangirani apu yanuyanu. Munthu akatsegula, choyamba kuona ndi nkhope yanu. Onse athawa kwa mayiwo, abwerera kwa inu."

"Nkhope yanga?"

"Mutavala suti. Ngati mulibe, ndikuvekani pakompyuta pompano. Siyani foniyo ndi memore khadi yake ndikokeremo nyimbo. Mudzatenge msika ukubwerawu."

Rafaelo anasiya zonse, osafunsa ngakhale kwawo kwa munthuyo. Anabwerera kunyumba akuimba mluzu. Pa njira anakumana ndi Susan, namuuza kuti, "Alamu, ufumu wanu watsala pang'ono."

Msika wotsatira anapeza pamalo paja pali mayi wogulitsa kabichi.

"Amayi, aja a ambulera ali kuti?"

"Inunso? Imani apo, anzanu ena ofuna mafoni awo ndi awo aima pansi pa mtengowo."

Rafaelo sanauze munthu. Anthu akafunsa, ankati foni ili kokonzetsa. Gulu lakale linatsekedwa, onse anasamuka, nyimbo zonse zimene ena anali nazo zinasungika. Zosowa zinali za pakhonde zokha.

Tsiku lovundukula chiliza linafika kuli chisanu. Anthu a pagulu anabwera, ena pa njinga, ena wapansi. Atatha mapemphero, anayamba kuika nyimbo pa sipika. ANangozo anamvetsera, kenako anakweza dzanja.

"Izi ndi za bandi, za aliyense. Ine ndikufuna ija anandiimbira pakhonde. Rafaelo, tandimveretsa mwana wanga."

Rafaelo anayang'ana pansi.

Susan anati, "Alamu, lero lokha. Sipika ndi iyi, gwirani nokha. Ine ndikhala kumbuyo."

Mpamene anaulula. Ananena za ambulera, za apu, za nkhope yake yovala suti. Panalibe amene anaseka. Mnyamata wina anasakasaka m'foni mwake napeza kachidutswa ka nyimboyo kamene Rafaelo anatumiza kale. Anakaika pa sipika. Mawu a Yeremiya anamveka, gitala inalira, ndipo asanafike potchula dzina la amayi ake, nyimbo inadukira pomwepo.

ANangozo anadikira, kuyesa ipitirira. Kenako anadzuka, nafunda nsalu yawo.

"Anzanga amaika mwana kamodzi," anatero. "Ine wandiikitsa kawiri."

Phunziro: Chinthu cha banja usachikumbatire wekha pofuna kuti anthu azikugwadira. Anzako akamasamuka, samutsa nawo katundu, wotamandidwa akhale wina palibe kanthu. Nsanje imakukanitsa mlamu wako amene unadya zake, n'kukupereka kwa munthu wa ambulera amene sudziwa ndi mudzi wake womwe. Tumizani nkhaniyi ku magulu anu onse, makamaka kwa ma adimini, ndi kwa aliyense amene akusunga yekha mawu a malemu m'foni.